Ulendo wa jumbo: kuchokera ku Sweden, kudzera pa Majaua, mpaka kunyanja

Tsiku la msika pa Majaua, mayi akagula tomato, usipa, mchere ndi mafuta ophikira, amabwerera kwawo ndi timajumbo tinayi. Kamodzi amayatsira mbaula madzulo omwewo, kena anyamata amakulungira mpira wa chikulunga. Totsalato mphepo imatikankhira m'ngalande, komwe timadikira mvula yoyamba.

Akuluakulu a m'mbali mwa mtsinje wa Ruo akukumbukira nthawi imene munthu ankapita kumsika ndi dengu lansungwi kapena chikwama chamlaza. Nyama ankaitunga pa luzi, nsomba n'kuzikulunga m'masamba a nthochi. Zonsezi zikatha ntchito zinkaola n'kusanduka nthaka.

Jumbo idabadwira kutali. Katswiri wina wa ku Sweden, Sten Gustaf Thulin, ndiye adapanga thumba lapulasitiki lokhala ndi zogwirira, ndipo kampani yomwe ankagwirako ntchito, Celloplast, idalembetsa lusolo ngati lake mu 1965. Thumbalo lidali lopepuka, lotchipa, losalowa madzi. Posakhalitsa lidafalikira m'masitolo a ku Ulaya ndi America.

Kuno ku Milange, boma la ku Mozambique momwe muli Majaua, anthu adali ndi zina zowasowetsa tulo. Nkhondo yapachiweniweni idathamangitsira mabanja ambiri ku Malawi, ndipo adayamba kubwerera pambuyo pa mgwirizano wamtendere wa ku Rome wa mu 1992. Malonda a pamalire atayambiranso, njinga zinkaoloka ndi chimanga ndi nandolo, n'kubwerako ndi sopo, shuga, ziwiya ndi mipukutu ya majumbo. Dengu lidayamba kutsala pakhomo.

Kuipa kwa jumbo kudayamba kuonekera m'khola. Mbuzi ikanunkhiza jumbo ya mchere kapena ya chipisi imameza yonse, kenaka imaonda pang'onopang'ono ngakhale msipu ulipo. Poitumbula m'pamene mwini wake amapeza chimpukutu cha mapulasitiki m'chifu. M'munda khasu limafukula majumbo a zaka zapitazo ali osaola. Otsalira madzi amaswetsa udzudzu, ootchedwa amatulutsa utsi woononga chifuwa.

Majumbo ambiri amatengedwa ndi madzi. Ruo, yemwe amachokera m'phiri la Mulanje n'kukhala malire a Malawi ndi Mozambique, amathira mu Shire pa Chiromo. Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakatula zonse m'nyanja ya mchere ya Indian cha ku Chinde. Gombe lomwelo la Zambezia, chakumpoto, kuli zilumba za Primeiras zomwe akamba a m'nyanja amaikirako mazira; akambawa amameza majumbo oyandama powayesa chakudya. Bungwe la United Nations loona zachilengedwe limati matani pafupifupi 11 miliyoni a pulasitiki amalowa m'nyanja chaka chilichonse.

Dziko loyamba kuletsa majumbo opyapyala lidali Bangladesh mu 2002, atatseka ngalande n'kukulitsa kusefukira kwa madzi. Rwanda idatsatira mu 2008, Kenya mu 2017.

Maiko a mbali ziwiri za Ruo adadzuka chaka chimodzi, 2015. Mozambique idakhazikitsa lamulo la Decreto 16/2015, loletsa majumbo osafika ma micron 30 kukhuthala kwake komanso kuwapereka ulere kwa ogula. Malawi idaika muyeso wa ma micron 60, koma makampani opanga mapulasitiki adathamangira kukhoti n'kutenga chiletso. Nkhaniyo idakoka mpaka pa 31 July 2019, pamene khoti lalikulu la apilo lidagamula mokomera boma. Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi mwa omwe adatsogolera kampeni yolimbana ndi majumbo opyapyala ku Malawi ataona mbuzi za alimi zikufa, adalandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2021.

Komabe miyeso iwiriyi ikusiya mpata. Jumbo yoletsedwa ku Thyolo ikhoza kukhala yololedwa tsidya lino, ndipo bwato limodzi ndi lokwanira kuiolotsa. Ndi chifukwa chake akuluakulu a boma la Milange ndi anzawo a ku Mulanje ndi Thyolo akuyenera kukhalirana pansi n'kuyendera limodzi misika ya m'malire. Mafumu ndi makomiti a misika akhoza kukhazikitsa malo otayira zinyalala kutali ndi mtsinje. Ogula nawo asadikire boma: oluka madengu akadalipo m'midzi ya Majaua, ndipo dengu limodzi limagwira ntchito zaka zingapo.