Manda Asanu ndi Sukulu ya Usiku



Pa masiku a Yubile mitima yathu ikonda kuwerenga zooneka ndi maso: nyumba za Mulungu zomangidwa ndi njerwa, masukulu, cipatala, ndi maina ambiri olembedwa m'buku la ubatizo. Kutero si kulakwa ai, pakuti kuyamika kuyenera. Koma tikaima pa zimenezi zokha, ana athu adzayesa kuti makolo athu m'cikhulupiriro anayenda m'njira yolambulidwa kale, ndi kuti kukayika ndi nthenda yatsopano yogwera mbadwo uno wokha. Cifukwa cace tafuna kulemba pano mbiri ya zaka 15 zoyamba za Misyoni ya Livingstonia, kuyambira 1875 kufikira 1890, zaka zimene anchito anafesa kwambiri nakolola pang'ono. Malo ace ali kutali ndi ambiri a ife, koma mbiriyi ndi yathu ndithu, popeza Mbusa A. C. Murray ndi Mbusa T. C. B. Vlok, amene anatsegula Mvera mu 1889, anayamba alandiridwa ndi a Livingstonia omwewo. Ndipo kuyambira 1926 tiri nao m'Eklesia mmodzi.

Pa Cape Maclear

Pa 12 October 1875 sitima yaing'ono, dzina lace Ilala, inalowa m'Nyanja, itasenzedwa zidutswa-zidutswa ndi anthu mazana ambiri polambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Mtsogoleri wa ulendowo anali Bwana E. D. Young, ndipo pamodzi naye panali mnyamata wa ku Scotland, Dotolo Robert Laws. Anamanga pa Cape Maclear, m'dziko la mfumu Mponda. Malowo anali okoma m'maso, a dooko labwino, koma anthu a m'midzi yozungulira anali ocepa, mafumu a mphamvu anali otanganidwa ndi malonda a minyanga ndi akapolo, ndi malungo anali pakhomo masiku onse.

M'caka ca 1876 Dotolo James Stewart anadza nao Akristu akuda a mtundu wa Xhosa, amene anadzipereka ali pa sukulu ya Lovedale ku South Africa. Mwa iwo munali William Koyi ndi Shadrach Mngunana. Caka cotsatira Mngunana anamwalira, ndi Dotolo William Black yemwe. Pakutha pa zaka zisanu panali manda asanu a anchito a Misyoni, ndipo wobatizidwa panalibe ndi mmodzi yense. Pa 27 March 1881 Dotolo Laws anabatiza Albert Namalambe, ndiye woyamba. Ndipo caka comweco Misyoni inasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga.

Tiyeni tiime pang'ono apa. Munthu wodziwa kuwerengera malonda akadaika manda asanu mbali iyi ndi munthu mmodzi mbali inayo, akadanena kuti nchitoyo yatayika, ndipo palibe akadamtsutsa ndi ziwerengero. Kumeneku ndi kukayika kwa m'kati, kumene sikudza ndi nthungo koma ndi funso la usiku lakuti, kodi Mulungu alimo m'zimene tiri kucitazi? Ife amene tigwa mphwayi pamene aklasi acepa caka cimodzi tiyenera kukumbukira anthu aja.

Ndipo tikumbukirenso ici: pamene Azungu anakwera sitima kunka ku Bandawe, Namalambe anatsala pa Cape Maclear, nasunga sukulu ndi mapemphero. Amene anamphunzitsa anacoka, koma iye sanabwerere m'mbuyo, pakuti cikhulupiriro cace sicinatsamire pa nkhope ya Mzungu.

Pa Njuyu, kwa Angoni

Kumapiri a kumadzulo kwa Bandawe kunali Angoni a mfumu M'mbelwa, mwana wa Zwangendaba uja anaoloka Zambezi ndi anthu ace mu 1835. Ulemu wa mwamuna pakati pao unali pa nthungo ndi cishango, ndipo nkhondo zao zinali kutsikira kunyanja kukafunkha midzi ya Atonga. Pakuti cinenero ca William Koyi cinali pacibale ndi ca Angoni, iye ndiye anakhala pakamwa pa Misyoni. Ndipo mu 1882 anakakhala pa Njuyu, pafupi ndi phiri la Hora. Caka comweco anamtsata James Sutherland, ndipo mu 1885 anafika Dotolo Walter Elmslie.

Angoni analola alendowa kukhala m'dziko, koma sukulu anaikana. Maganizo ao sanali opusa ai. Anaona bwino kuti anyamata akaphunzira Buku limene liletsa kupha ndi kuba adzakana kupita ku nkhondo, ndi kuti ufumu womangidwa pa nkhondo udzafoka. Cinanso, anafuna kuti Misyoni icoke kwa Atonga ndi kukhala yao yokha. Cotero zaka zinapita, Koyi ali kulankhula ndi anthu pabwalo ndi m'njira, ali kupirira cipongwe ndi kuopsezedwa, wopanda mwana mmodzi womphunzitsa poyera. Sutherland anamwalira mu 1885 asanaone sukulu.

Koma taonani, m'mdima munali kucitika kanthu. Anyamata ena anayamba kudza ku nyumba ya Misyoni usiku, anthu atagona, kudzaphunzira kuwerenga mobisika. Mwa iwo munali Mawelera Tembo ndi Makara Tembo, ana a sing'anga woombeza ula. Lingalirani katundu amene anasenza anyamatawa. Lamulo la mfumu linawaletsa. Anzao a msinkhu umodzi anali kubwera ku nkhondo ndi ulemu ndi zofunkha. Ndipo nchito yodyetsa banja la atate wao inali yotsutsana ndi zimene anali kumva m'Buku. Panalibe Mkristu wa mtundu wao woti amyang'anire ndi kunena, uyu anapirira, nafenso tidzapirira. Anayamba ndi mantha, akuyenda usiku monga Nikodemo, ndipo aphunzitsi ao sanawanyoze cifukwa ca manthawo, koma anawatsegulira pakhomo nawayatsira nyali.

Cilala ca 1886

Dzinja la 1885 kulowa 1886 mvula inakana. Anthu anaombeza ula, napereka nsembe za ng'ombe kwa mizimu, koma kumwamba kunali gwa. Pamenepo nduna za mfumu zinadza kwa Dotolo Elmslie kudzapempha kuti apemphere mvula kwa Mulungu wace.

Apa panali yesero lobisika, loposa kuopsa kwa nthungo. Atadikira zaka zinai, anchito a Misyoni anaona cipata citatseguka. Akadalola kuoneka ngati eni mvula, akadalandira ulemu wonse wa asing'anga tsiku lomwelo. Koma Dotolo Elmslie anakana kupita kukacita mwambo wa mvula kumudzi kwa mfumu, nauza anthu kuti adze ku mapemphero a masiku onse a tsiku la Mulungu pa Njuyu. Anafuna kuti adziwe kuti Buku siliri cithumwa, ndi kuti Mulungu apemphedwa monga Atate, sakakamizidwa ndi mankhwala. Anthu anadza ambiri m'mwezi wa January 1886, mapemphero anacitika, ndipo posacedwa mvula inagwa.

Pakati pa caka comweco M'mbelwa ndi nduna zace analola kuti masukulu atsegulidwe. Mau amenewa anampeza William Koyi ali gone pa mphasa ya imfa. Anawamva nakondwera, ndipo anamwalira m'mwezi wa June 1886, atatumikira m'dziko lino osaona Mngoni mmodzi wobatizidwa.

Ambiri posimba mbiri imeneyi alekezera pa mvula, monga ngati zonse zinathera pomwepo. Koma sizinatero. Mu 1887 mitima ya Angoni inatembenukanso, nkhondo yotsikira ku Bandawe inali pafupi, ndipo zinthu zinafika poipa kotero kuti Dotolo Elmslie anakwirira pansi mankhwala ndi zipangizo zace usiku, pokonzeka kuthawa. Dotolo Laws anakwera kumapiri m'mwezi wa October, nakambirana ndi mafumu kufikira mtendere unapezeka. Anthu omwewo amene anaona mvula ndi maso ao ndiwo anafuna kupitikitsa Misyoni citapita caka cimodzi. Cozizwa cidabwitsa khamu, koma sicibala munthu mwatsopano. Amene anakhazikika ndi aja a sukulu ya usiku, odyetsedwa Mau pang'ono pang'ono. M'mwezi wa April 1890 Mawelera ndi Makara Tembo anabatizidwa, ndiwo zipatso zoundukula za kwa Angoni, zitapita zaka zisanu ndi zitatu cikhalire Koyi pa Njuyu. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Zitapita zaka zina zisanu ndi zitatu, mu 1898, pa msonkhano waukuru wa pa Ekwendeni m'masiku a Mbusa Donald Fraser, anasonkhana anthu zikwi, ndipo akulu 195 anabatizidwa.

Cimene anataya ndi cimene anasunga

Wina angayese kuti kulimba m'cikhulupiriro ndiko kunyoza zonse za makolo. Mbiri ya Mawelera Tembo itsutsa maganizo otere. Anakana ula ndi nkhondo yofunkha, koma sanaleke kukhala Mngoni. Anakhala mkulu wa Eklesia ndi wopeka nyimbo, natenga maimbidwe a anthu a kwao, kuwabveka mau a Uthenga Wabwino. Ndipo Mbusa Fraser analimbikitsa Akristu ena kucita comweco. Mau amene kale anaimbira ngwazi zobwera ku nkhondo anayamba kuimbira Kristu. Koyi yemwe anapindula mitima ya Angoni cifukwa anadziwa ulemu wao, malonje ao ndi makhalidwe a pabwalo la mfumu. Anthu awa anadziwa kupeta: anataya mankhusu nasunga maso a cimanga. Munthu wosakhazikika ndiye aopa zonse za kwao, kapena agonjera zonse. Wokhazikika ayesa cinthu ciri conse pa muyeso wa Mau a Mulungu.

Kwa ife a lero

Nthungo za masiku aja zinapacikidwa kale, ndipo sukulu ya usiku siifunikanso, pakuti Buku Lopatulika liri m'cinenero cathu kuyambira 1922. Koma mayesero awiri aja alipobe. Mwana akadwala nthawi yaitali, pali abale amene adza madzulo kudzanong'oneza mai wace kuti asangokhala, apite akaombeze. Pa maliro a mwadzidzidzi pali ofuna kuloza nkhalamba cala, kuti ndiyo yadya munthu. Mnyamata abwera kucokera ku sukulu zapamwamba, kapena awerenga za pa lamya yace ya m'manja, nafunsa ngati cipembedzo ici si ca Azungu cabe. Ndipo pali ena ogulitsa madzi ndi mafuta m'dzina la Ambuye, nasandutsa pemphero cithumwa, cinthu comwe cija anacikana Dotolo Elmslie pa Njuyu.

Tsono inu alaliki ndi aphunzitsi a klasi, tikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, wokayika musamthamangitse. Ambuye sanamcotse Tomasi pakati pa ophunzira, ndipo atate uja wa pa Marko 9, amene anabvomera kuti cikhulupiriro cace ncoperewera, anathandizidwa. Wofunsa mafunso obvuta mumkhazike pansi, mumumve kufikira atatha, ndipo cimene simucidziwa mukacifunse kwa Abusa. Wonena kuti cipembedzo ncacilendo mumuuze za Namalambe wotsala yekha pa Cape Maclear, ndi za Koyi, mwana wa Africa amene manda ace ali pa Njuyu.

Caciwiri, musalonjeze cimene Mulungu sanalonjeze. Tipempherere odwala ndi mvula molimbika mtima, koma tiphunzitse anthu kuti Atate ayankha monga mwa nzeru yace. Wouzidwa kuti Mkristu sadzaona tsoka adzagwa pa maliro oyamba a m'nyumba mwace.

Cacitatu, wopanikizidwa ndi abale ace musamsiye yekha. Mai wokana kupita kwa woombeza afunika Akristu anzace okhala naye usiku, omtungira madzi, omperekeza ku cipatala. Ambiri amene agwa sagwa cifukwa ca kusadziwa Katekisma, koma cifukwa pa tsiku la cisautso achalici anacedwa ndipo ena anafulumira.

Pamene tiri kukondwera pa Yubile yathu, ena a inu mudzabwerera ku midzi kumene osonkhana pa tsiku la Mulungu sakwana makumi awiri, ndi kumene mwagwira nchito zaka zambiri osaona kusintha. Mukatsegula buku la maina ndi kupeza ocepa, kumbukirani buku la pa Cape Maclear limene linali ndi dzina limodzi, ndi anyamata aja ogogoda pakhomo usiku. Yatsani nyali, phunzitsani amene abwera. Mulungu amene anasunga makolo athu m'zaka za cilala atisunge ifenso ndi ana athu, kufikira tidzaonana nao pamaso pace.