Utomoni: wa mtengo ndi wa pa dzino

Ku Lundazi, munthu akatema mlombwa pamatuluka madzi ofiira ngati magazi, omata, amene amauma n'kutseka bala la mtengowo. Umenewo ndiye utomoni.

Mawuwa akukwanira bwino pa mankhwala ena a madokotala a mano, ngakhale utomoni wawo ngwopangidwa mu fakitale. Kuwola kwa dzino sikuyamba ndi kubooka. Tizilombo ta m'kamwa tikadya shuga, kaya wa mu tiyi kaya wa nzimbe, timatulutsa asidi amene amasungunula chikuto cholimba cha dzino. Pamaoneka kabanga koyera ngati choko, kodzaza timibowo tosaoneka ndi maso, ndipo sikapweteka. N'chifukwa chake ambiri amakanyalanyaza mpaka dzino litafika pofunika kuzula.

Mu 2009 kampani ya DMG ya ku Hamburg inatulutsa mankhwala a kabanga kotere otchedwa Icon. Dokotala amapaka asidi pabangapo mphindi ziwiri, amatsuka, amaumitsa ndi ethanol, kenako amathira utomoni wamadzimadzi umene umalowerera m'timibowo tija ndipo amaulimbitsa ndi kuwala. Saboola, ndipo nthawi zambiri sabaya jakisoni.

Koma dzino likabooka kale, njirayi sithandizanso. Pamafunika kumata bowolo.