Mngelezi Amene Anabisa Mayina a Vinyo ku Paris

Masana a pa 24 May 1976, m'hotela ya InterContinental mumzinda wa Paris, akatswiri 9 a ku France anakhala patebulo lalitali, matambula ali ndanda patsogolo pawo. Panali eni malo odyera otchuka, akuluakulu a minda ya mphesa, komanso Odette Kahn, mkonzi wa magazini ya La Revue du Vin de France. Amene anawaitana anali Mngelezi wa zaka 34, Steven Spurrier. Ntchito yawo inali kununkhiza, kulawa, kulavula, kenako n'kupereka malikisi osaposa 20, osadziwa kuti vinyoyo wachokera kuti.

Spurrier anabadwira ku Cambridge m'chaka cha 1941. Ankakonda kusimba kuti zonse zinayamba pa 24 December 1954, pamene agogo ake aamuna anamulawitsa vinyo wotsekemera wa ku Portugal, wa Cockburn's, wa m'chaka cha 1908. Mnyamata wa zaka 13 uja anazizwa kuti chakumwa chili ndi kwawo komanso chaka chake chobadwa, ngati munthu. Atamaliza maphunziro ku London School of Economics, analowa ntchito mu 1964 kwa Christopher & Co., ogulitsa vinyo akalekale a ku London. Patapita zaka zochepa anasamukira ku Paris, n'kugula kasitolo kotchedwa Les Caves de la Madeleine. M'menemo ankalola kasitomala kulawa asanagule. Mu 1973 anatsegula L'Académie du Vin, sukulu yophunzitsa kulawa vinyo. Taganizani, mlendo kuphunzitsa za vinyo pakati pa eni ake!

Nthawi imeneyo palibe ankatsutsa kuti vinyo weniweni ndi wa ku Bordeaux ndi ku Burgundy, madera a ku France. Wa ku California ankangoonedwa ngati wa ana ophunzira. Koma Patricia Gallagher, mayi wa ku America amene ankagwira naye ntchito, anali atayendera minda ya kumeneko n'kubwerako akuyamikira. Popeza 1976 chinali chaka chokumbukira zaka 200 za ufulu wa America, awiriwo anakonza zoti akatswiri a ku France alaweko. Spurrier anasakaniza mabotolo: pa vinyo woyera, 6 a ku California ndi 4 a ku France, pa wofiira chimodzimodzinso. Ndipo kumbali ya France sanasankhe ofooka ayi. Anaikapo Château Mouton Rothschild ndi Château Haut-Brion a 1970, mayina amene anthu a vinyo amawatchula mwaulemu.

Atawonkhetsa malikisi, m'chipindamo munangoti zii. Pa vinyo woyera anapambana Chateau Montelena wa 1973, wopangidwa ndi Mike Grgich. Pa wofiira anapambana Stag's Leap Wine Cellars wa 1973, wa Warren Winiarski. Onse awiri a ku Napa Valley, ku California. Odette Kahn anapempha kuti amubwezere pepala lake la malikisi, koma Spurrier anakana.

Apa m'pamene ine ndimamuvulira chipewa. Munthuyu ankadya za vinyo wa ku France. Vinyoyo ndiye anadzaza mashelefu a sitolo yake, ndipo iye mwini ankayembekezera kuti France ipambana. Akanatha kuchepetsa nkhaniyo kuti asunge chibale ndi alimi amene ankamugulitsa katundu. Sanatero. Anawerenga zimene malilime a oweruza ananena, ndipo kwa kanthawi ena ku France anamutsekera zitseko.

Mtolankhani amene analipo anali mmodzi yekha, George Taber wa magazini ya Time, ndipo kankhani kake kakafupi ndi kamene kanafalitsa dzina loti Judgment of Paris. Otsutsa amati oweruza ochepa, pa tsiku limodzi, sangagamule mlandu waukulu chotere, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Komabe alimi a mphesa ku Australia, Chile ndi South Africa anamva uthenga wake bwinobwino: dothi labwino silili dziko limodzi lokha. Mu 2006, akatswiri atalawanso vinyo wofiira yemweyo ku London ndi ku Napa, Ridge Monte Bello wa 1971 anatsogola, ndipo malo asanu oyamba onse anapita ku California.

Pa malonda Spurrier sanali wamwayi kwenikweni, ndipo mu 1988 anabwerera ku England. Cholembera ndicho chinamusunga. Kwa zaka zoposa 25 analemba m'magazini ya Decanter, ndipo mu 2004 anakhala wapampando wa mpikisano watsopano wa Decanter World Wine Awards, kumenenso oweruza amalawa osaona dzina. Mu filimu ya Bottle Shock ya 2008, Alan Rickman anasewera ngati iyeyo, koma mwini wake anadandaula poyera kuti nkhani yake anaipotoza.

Atakalamba, woweruza uja analola kuti nayenso aweruzidwe. Mu 2009, iye ndi mkazi wake Bella anadzala mphesa pafamu yawo ya Bride Valley ku Dorset, pa nthaka ya choko yofanana ndi ya ku Champagne, n'kuyamba kupanga vinyo wa thovu. Anamwalirira ku Dorset komweko pa 9 March 2021, ali ndi zaka 79. Mabotolo a mitundu iwiri imene inapambana ku Paris ija akusungidwa ku National Museum of American History, mumzinda wa Washington.