Sitima ya zitini ku Rustenburg

Ku Rustenburg ndidapeza mwana wa achimwene anga akukoka zitini zitatu za nsomba zolumikiza ndi waya, matayala ake zitsekerero za mabotolo. Nditamufunsa kumene anthu ake akupita, adandiseka.

"Azakhali, mulibe anthu umu. Iyi ndi loko."

Ankanena sitima ya pansi pa nthaka, yokoka mabogi a miyala ya platinamu kumgodi kumene bambo ake amagwira ntchito. Sadaionepo, poti mwana satsika mumgodi. Adaipanga pongomva nkhani zake.

Agogo anga ankaumba sitima zadongo ku Balaka akuweta mbuzi, koma iwo ankaiona ndi maso. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 idapitirira mpaka ku Salima. Dzina lokhalo lidabwera ndi madzi. Sitima zoyamba zimene makolo athu adaona zinali za pa Shire ndi panyanja, n'chifukwa chake yapanjanjiyi mpaka lero timaitchula yapamtunda.

Atakula adalembedwa ndi Wenela. Nthawi imeneyo ulendo wa ku Joni unali wa ndege kukafika ku Francistown, kenaka sitima. Bambo anga, otsala pakhomo, ankapinda mawaya n'kupanga sitima imene idanyamula bambo awo, ndipo ankaikoka kuchokera kumphala kubwera nayo kunyumba, osati kuipititsa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, Amalawi 74 obwerera kumudzi adafa, ndipo Kamuzu adaletsa kulemba anthu a kumigodi. Chaka chomwecho Hugh Masekela adatulutsa nyimbo ya Stimela, yodandaula sitima yonyamula amuna kupita kumigodi. Akuluakulu ankaitukwana sitimayo, ana n'kumaisewera. Ine sindiona kuti anawo adalakwa: chimene chidawatengera bambo awo adachichepetsa mpaka chokoka ndi chingwe.

Platinamu amene Hans Merensky adatsimikiza mu 1924 akukokabe Amalawi, koma lero amapita pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Mwanayu sadakwerepo sitima.

Potsanzika ndidamugulira ya pulasitiki, ya mabatire, yozungulira panjanji yake. Achimwene adandiuza pafoni kuti idakhala masiku awiri. Tsiku lachitatu adaichotsa matayala n'kuwaika pa loko.