Makoko a Zipolopolo m'Mapulazi a ku Mashonaland

Amalawi amene ankapita ku Southern Rhodesia kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi, kapena pa malole a Ulere, ambiri ankathera m'mapulazi a fodya ndi chimanga a ku Mazowe, Bindura, Mvurwi ndi Centenary. Kumeneko mfuti inali chida cha pamunda ngati khasu, poti nyani ndi nguluwe sizinkasiya chimanga. Koma mwini mfuti anali bwana. Chithereni nkhondo yolimbana ndi azungu ya 1896 ndi 1897, munthu wakuda sankaloledwa kusunga mfuti mwachisawawa, moti machona ambiri ankangoona khoko la mkuwa likugwa pansi, lili lotentha, bwana akawombera.

Khokolo si chinyalala. Ndi gawo lodula kwambiri pa chipolopolo, ndipo limatha kudzazidwanso kangapo. Vuto lili kumatako kwake, pa kachitsulo kangati batani kotchedwa pulaima, kamene kamayatsa onga mfuti ikakagogoda. Kakapsa kamodzi, kwatha, kayenera kuchotsedwa.

Apa mbiri inachita nthabwala. Cha m'ma 1866 anthu awiri anatulukira mitundu iwiri ya pulaima. Edward Boxer, msilikali wa ku Britain wogwira ntchito ku Woolwich, anapanga wokhala ndi boo limodzi pakati pa khoko, moti kachitsulo kosongoka kamangomukankhira kunja. Hiram Berdan wa ku America anapanga wa timaboo tiwiri tam'mbali, kachitunda kali pakati, ndiye chokankhira chilibe polowera. Amereka anatenga wa Mngelezi, Angelezi n'kutenga wa Mmereka! Choncho zipolopolo za asilikali za .303, zimene zinali mbwee m'maiko olamulidwa ndi Britain, zinali za mtundu wovutawo.

Odzazanso makoko anapeza njira ziwiri. Ena ankaboola pulaima wakupsayo cham'mbali n'kumutokosola ngati akuchotsa thekenya, ndipo dzanja likangophonya, kachitunda kaja kankaphwanyika, khoko n'kutayidwa. Ena ankadzaza khoko ndi madzi, kulowetsa kamtengo kachitsulo kothina kukamwa kwake, n'kumenya ndi hamala. Mphamvu ya madzi inkalavula pulaimayo, wogwira ntchito naye n'kunyowa malaya. Madzi anali ndi ntchito inanso: mapulaima akale ankasiya mchere wodyetsa dzimbiri, ndiye anthu ankatsira madzi owira m'mpope wa mfuti akamaliza kuwombera.

Ian Smith atalengeza pa 11 Novembala 1965 kuti Rhodesia yadzipatula kwa Britain, United Nations inaletsa malonda ndi dzikolo, pang'ono mu 1966 kenako kwathunthu mu 1968. Katundu wakunja anayamba kuvuta, ndipo chilichonse chotheka kukonzedwa sichinkatayidwa.

Kenako pa 21 Disembala 1972 asilikali omenyera ufulu a ZANLA anaukira pulazi ya Altena ku Centenary. Nyumba za azungu zinazunguliridwa ndi mipanda ya waya, wailesi za Agric-Alert zinalumikiza mapulazi ndi apolisi, ndipo mfuti ya FN inafika pakhonde. Zipolopolo zake za 7.62 zochokera ku fakitale ya PMP ku Pretoria nazonso zinali za Berdan. Makomboni a antchito, m'mene munkagona Amalawi ndi anzawo a ku Mozambique, kawirikawiri anali kunja kwa mpanda uja.