Ethylene Pamwamba pa Nickel

Ethylene ndi mpweya wokhala ndi maatomu awiri a kaboni ndi anayi a haidrojeni. Ukangosakanizidwa ndi haidrojeni m'botolo, palibe chimachitika. Koma pakakhala ufa wotentha wa chitsulo cha nickel, zinthu zimasintha msangamsanga.

Haidrojeni akatera pachitsulocho amagawika pawiri. Ethylene nayenso amakakamira pomwepo, ndipo mfundo imodzi mwa ziwiri zomanga makaboni ake imamasuka. Kenako maatomu a haidrojeni amalowerera limodzilimodzi n'kupanga mpweya wina wotchedwa ethane, womwe umanyamuka kusiyira anzake malo. Nickel yekha satha.

Paul Sabatier ndi Jean-Baptiste Senderens anatulukira zoti nickel amathandiza ethylene kuphatikizana ndi haidrojeni ku Toulouse mu 1897, ndipo Sabatier analandira mphoto ya Nobel mu 1912. Njira yomweyi ndi imene imalimbitsa mafuta a mbewu popanga majarini.