Chipatala, Tchalitchi ndi Malire m'Mbiri ya Macanga ndi Tsangano

Tawuni ya Furancungo, likulu la boma la Macanga m'chigawo cha Tete, ili pamtunda wozizira umene umapitirira chakum'mawa kudutsa Angónia ndi Tsangano mpaka kukalowa ku Dedza ndi Ntcheu m'dziko la Malawi, ndipo eni dera lonseli, Achewa ndi Angoni a kwa Maseko, amalankhula chinenero chimodzi. Pangano la 1891 la pakati pa Britain ndi Portugal ndi limene linadula dziko limeneli pakati, n'kusiya abale a mbumba imodzi pansi pa maboma awiri. Mbiri ya zipatala, mipingo ndi sukulu za kuno singamveke popanda malire amenewa, chifukwa kwa zaka zoposa 100 munthu wodwala, wofuna ubatizo kapena wofuna kuphunzira kuwerenga wakhala akuyeza mitunda iwiri, wopita kuboma lake ndi wopita kutsidya, n'kusankha kumene angathandizidwe msanga.

Azungu asanakhazikitse ulamuliro wawo, kuchiza ndi kupembedza sizinkalekanitsidwa. Sing'anga ankapereka mankhwala azitsamba ndiponso kuombeza ula pofuna gwero la matenda, azamba ankachiritsa amayi oyembekezera, anamkungwi ankalangiza atsikana m'chinamwali za mdulo, matenda amene ankakhulupirira kuti amagwira mwana kapena wodwala pamene achibale ake aswa miyambo ya m'banja, ndipo gule wamkulu ankaperekeza maliro ndi kuyanjanitsa amoyo ndi mizimu ya makolo. Dziko la Macanga lenilenilo linalamulidwa nthawi yaitali ndi banja la Pereira, lochokera ku Goa, limene linalandira malo okumba golide kwa Undi, mfumu ya Achewa, ndipo pambuyo pake linadziimira palokha mpaka pamene wolamulira wake womaliza, Chinsinga, anagonjetsedwa ndi Apwitikizi mu 1902. Boma latsopanolo linabwera ndi msonkho ndi chibalo, ntchito yokakamiza, koma za umoyo ndi maphunziro a anthu akuda linazisiyira amishoni.

Amishoniwo anafika kuchokera mbali ziwiri. Ansembe achijezuiti, amene anali ndi mishoni ku Boroma m'mbali mwa Zambezi kuyambira mu 1885, anakwera mapiri n'kutsegula Lifidzi ku Angónia, pamene Adatchi a ku Nyasaland, amene lero ndi Malawi, anaoloka malire n'kukhazikitsa Mphatso mu 1909 motsogozedwa ndi M'busa A. G. Murray, kenako n'kuwonjezera malo ena monga Mwenzi ndi Benga. Onsewa sanakhalitse. Ufumu utagwetsedwa ku Portugal mu 1910, boma latsopano linathamangitsa Ajezuiti. Ansembe a ku Germany amene anawalowa m'malo anachotsedwanso mu 1916 chifukwa cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndipo mu 1922 mamishoni onse a Adatchi anatsekedwa, popeza Apwitikizi ankawaona ngati khomo lolowera chikoka cha Angerezi.

Chimene chinachitika pambuyo pa 1922 n'chofunika kuchilingalira mofatsa, chifukwa ndicho chinaumba khalidwe la dera lino. Mipingo imene inasiyidwa yopanda m'busa sinafe: akulu ampingo ndi aphunzitsi akale anapitiriza kusonkhanitsa anthu m'midzi, ndipo ofuna ubatizo, mgonero kapena ukwati ankayenda wapansi kupita kumipingo ya ku Nyasaland, kumene ankagulanso Buku Lopatulika, lomwe kumasulira kwake kunatha m'zaka zomwezo. Njira imene inkanyamula Akhristu ndi yomwenso inkanyamula odwala opita kuchipatala cha Nkhoma, ana opita kusukulu, ndi amuna othawa chibalo. Motero anthu a kuno anazolowera zinthu ziwiri zimene akali nazo mpaka lero, kuyendetsa okha zinthu zawo pamene akuluakulu achoka, ndi kuona malire ngati mzere woudumpha pakagwa vuto.

Pangano la 1940 la pakati pa Portugal ndi Vatican, pamodzi ndi lamulo la mamishoni la 1941, linapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mpingo wa Katolika, ndipo Ajezuiti anabwerera ku Lifidzi n'kutsegulanso Fonte Boa mu 1945, m'dera limene tsopano ndi boma la Tsangano. Dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa mu 1962. Pamishoni yotere pankakhala tchalitchi, sukulu yogonera komweko ndi kachipatala, kotero kuti kwa anthu ambiri akumudzi jakisoni woyamba ndi chilembo choyamba anazilandira pabwalo la tchalitchi. Malire nawo sankaoloketsa anthu mbali imodzi yokha, pakuti kuyambira mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi othawa chizunzo ku Malawi anapeza pobisala ku Mlangeni, mbali ya Mozambique.

Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma la Frelimo linatenga zipatala ndi sukulu zonse pa 24 Julaye chaka chomwecho, kuphatikizapo za mamishoni. Cholinga chake, choti umoyo ukhale ufulu wa nzika iliyonse osati chifundo cha mpingo, chinali cholungama, ndipo zipatso zake zinaoneka pa katemera wa dziko lonse amene anayamba mu 1976 ndi pa ntchito yophunzitsa azaumoyo a m'midzi, otchedwa APE, imene inayamba mu 1978. Koma boma lomwelo linalakwa poyesa asing'anga, mafumu ndi mipingo adani a chitukuko, chifukwa linadzichotsera lokha anthu amene midzi inkawakhulupirira, pa nthawi imene linalibe anamwino okwanira kulowa m'malo mwawo. Akatolika, pamsonkhano wawo wa ku Beira mu 1977, anasankha kudalira miphakati, timagulu ta Akhristu oyandikana totsogoleredwa ndi anthu wamba, njira imene a mpingo wa Mphatso anali atayendamo kale zaka zoposa 50.

Nkhondo ya pakati pa boma ndi gulu loukira la Renamo inasakaza mapiri ano koposa. Zipatala zazing'ono za kumidzi zinatenthedwa kapena kusiyidwa, misewu inatcheredwa mabomba, ndipo pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri achijezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mbadwa ya ku Angónia, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, anatengedwa ndi anthu a mfuti pamudzi wa Chapotera pafupi ndi Lifidzi n'kuphedwa. Midzi yathunthu inasamukira ku Dedza ndi Ntcheu, kumene ambiri sanalowe m'misasa koma anakhala pakati pa abale awo, ndipo pofika mu 1992 othawa kwawo a ku Mozambique anapitirira miliyoni imodzi m'Malawi. Ana a m'badwo umenewo analandira katemera ndi kuphunzira sitandade 1 kutsidya.

Pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992 linabweza anthu kwawo, ndipo fodya wa bale, wogulidwa ndi Mozambique Leaf Tobacco, anasandutsa Macanga dera la ndalama, pamene Tsangano anatchuka ndi mbatata ya kachewere ndi tirigu. Mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique, wochokera ku ntchito ya Adatchi aja, uli ndi Sinodi ya Mphatso ndi sukulu yake ya ukachenjede ya Hefsiba ku Ulónguè m'boma la Angónia, gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo asing'anga ali ndi bungwe lawo lovomerezeka la AMETRAMO. Komabe zothandiza anthu zinatsalira m'mbuyo mwa chuma: m'chigawo chimene muli damu la Cahora Bassa, lotumiza magetsi ake ambiri ku South Africa, tawuni ya Ulónguè inakhala zaka zambiri ikuyatsa magetsi ochokera ku Malawi, ndipo zipolowe zitabukanso mu 2015 ndi 2016 anthu a ku Tsangano ndi Moatize anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza.

N'zosadabwitsa kuti njira ina yotchuka yothandizira anthu amene ali ndi HIV inabadwira m'chigawo cha Tete. Mu 2008 odwala, mogwirizana ndi azaumoyo a boma ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, anayamba magulu otchedwa GAAC, a anthu osapitirira 6, amene amasinthana mwezi ndi mwezi kupita kuchipatala kukatenga ma ARV a gulu lonse, kuti mtengo wa ulendo usagwetse aliyense pamankhwala. Unduna wa zaumoyo unaifalitsa njirayi m'dziko lonse. Luso lotere n'loyenera kulemekezedwa, koma linabadwa chifukwa chipatala chili kutali ndipo msewu ndi woipa. Alimi a ku Macanga ndi Tsangano, amene fodya ndi mbatata zawo zimalemeretsa dziko, akuyenera kukhala ndi chipatala chokhala ndi madzi, magetsi, mankhwala ndi mzamba pamtunda woti mayi woyembekezera angaufike, ndipo udindo umenewo ndi wa boma, osati wa mpingo kapena wa abale a kutsidya kwa malire.